Batani la Kunyumba

LOLEMBA

Taegon 10:41
[chithunzi]
yayaka achemwali. skrini ya mainchesi 10, ndaika ndekha chiyambire Loweruka. palibe makaniko wagwirapo apa

Taegon 10:42
foni ikulumikizika yokha ukangoliza injini. mapu, nyimbo, zonse ndi chala basi. galimoto ya abambo yabwerera ku unyamata kkk

Taegon 10:50
[mawu, 0:36]
Koma zomwe ndinazipeza kuseri kwa wailesi yakale ija, musadye kaye. Timitengo totokosera m'mano todzaza dzanja, tonse togwira kale ntchito. Maswiti osungunuka atamata mawaya ngati ulimbo. Mutu wa nsomba youma, sindikudziwa wa chaka chiti. Ndiye mphemvu, banja lathunthu, makolo ndi zidzukulu zomwe. Ndasamba m'manja mpaka khungu kuyera koma fungo likadalipo. Munthu wamkulu kumayenda ndi dzala zaka khumi ndi ziwiri.

Hyeran 12:35
ndinali kukhitchini, ana asukulu 600 sadikira munthu
waphwasula galimoto ya abambo?

Taegon 12:36
ndakonza, osati kuphwasula. adzaiyendetsanso? chiwagwirireni sitiroko mu February dzanja silikugwira, kulankhula kulibe. ikhale mpaka iwole?

Hyeran 12:36
abambo ali moyo. unawafunsa?

Taegon 12:37
ndinafunsa amayi. anavomera

Hyeran 12:37
mayi ako anavomera. ok

Hyeran 12:38
yakale ija ili kuti? ya mapu ija

Taegon 12:38
mu bini ya zamagetsi pansi pa flat. lole yatenga mmawa uno. bwanji

Hyeran 12:40
[chithunzi]

Hyeran 12:44
[mawu, 1:02]
Taegon, tamvera bwino. Chinsalu ukuchionacho chapachikidwa ku Uiseong, ananditumizira mnzanga wa komweko dzulo. Kukudutsa msewu watsopano m'mapiri asanu ndi anayi, dera lomwelo lomwe kuli manda a mayi anga. Mtumbira uliwonse aukhomera chikhomo cha nambala. Mwini wake akanene nambalayo ku ofesi yawo pofika Lachisanu 12 koloko, ndiye amasamutsa mwaulemu kupita komwe wasankha. Wopanda mwini akufukula, kuwotcha, phulusa kukaliunjika ndi la anthu osadziwika. Mayi anga alibe chiliza, ndi mulu wa dothi chabe. Njira sindiidziwa, ankayendetsa ndi abambo. Anandiuza okha kuti malowo anawasunga m'makina aja. Ndikangofika poimika galimoto, kumtundako ndikukumbuka.

Taegon 12:51
mayi anu enieni, njira osaidziwa?

Hyeran 12:51
usandiyambe

Taegon 12:53
mndandanda wa malo ndinauona wonse. chipatala, msika, kometetsa, kwa a Pyo osewera nawo makadi aja. munalibe mawu oti manda

Taegon 12:54
ndipo chinthucho chinazungulira mutu kalekale. ukadina batani la kunyumba, mmalo mokubweretsa ku flat kuno ku Daegu chimakulozera kutchire, 70 km

Hyeran 12:54
kutchire kuti

Taegon 12:55
ndidziwa bwanji ine. sindinachitsatire

Hyeran 12:55
kumpoto?

Taegon 12:58
mwina

Hyeran 12:59
Taegon, kumeneko si kuzungulira mutu

Hyeran 13:20
abambo anaika manda a mayi anga pa batani la kunyumba. iwe wataya kt uzisisita galasi ndi chala ngati mwana wa ku mkaka. zandinyansa

Hyeran 13:21
pita ukaifune

Hyeran 17:45
wafunsa komwe lole imakataya?

Taegon 19:10
mawa

LACHIWIRI

Taegon 09:32
alonda andipatsa adiresi. ndi kuseri kwa mafakitale uko. ndapempha half day

Taegon 09:58
kamera ya rivesi ikuonetsa chadodolido kkk. ndatsala pang'ono kugunda chipupa. ndasemphanitsa waya penapake

Hyeran 10:15
sindikuseka

Taegon 11:47
[mawu, 0:55]
Achemwali, malo ano si a munthu. Mulu wake kutalika ngati flat yathu. Miphika yamagetsi ya mpunga masauzande, ina mpunga ukadali momwemo, wamera ubweya wobiriwira. Ndatsegula furiji ina ndikuganiza kuti mwina aponyamo tizinthu ting'onoting'ono, ndapezamo chigubu cha kimchi, kabichi wovundika uja, cha chaka chatha, chaphulikira pa buluku langa. Ndasanza kawiri. Bambo wa pano akuti za dzulo analowetsa kale m'chigayo, zimatuluka ngati zitsotso za botolo. Wandifunsa kuti munali golide? Ndati ayi, munali mapu. Wandiyang'ana ngati ndine wodwala.

Hyeran 12:31
unaona ndi maso ako kt yalowa m'chigayo?

Taegon 12:33
ndaona chigayo. ndaona zitsotso. ndiwerenge chimodzichimodzi?

Taegon 12:34
ndayesetsa. nsapato ndataya komweko

Hyeran 12:34
nsapato. pepa kwambiri

Taegon 12:40
mukuyankhula ngati ndapha munthu. inuyo kumandako munapitako liti komaliza?

Taegon 12:41
zaka 7. abambo ankapita okha ndi chikwakwa kukalambula manda pa chikondwerero cha Chuseok chaka chilichonse, msana uli wopindika. mukapita nawo munkagona mpaka akudzutseni. amayi ndi omwe ankawaphikira kamba wa paulendo, wokadyera pa manda a mkazi wina. munathokozapo?

Hyeran 13:55
zoona zimenezo. ndikudzinyansa ndekha, sindikusowa wondithandiza

Hyeran 13:56
ndatenga tchuthi mpaka Lachisanu. ndikwera sitima ya mmawa kuchoka kuno ku Incheon. ndiyamba kwa abambo, kenako undipatse galimoto

Taegon 14:20
mapiri 9 masiku awiri?

Hyeran 14:20
uli ndi nzeru ina?

LACHITATU

Taegon 08:05
kiyi ndasiya kwa alonda. sindipezeka, kuntchito kwathina
kuseri kwa skrini musakhudzeko plz, sindinamalize kumata

Hyeran 11:40
[mawu, 1:10]
Ndatuluka kwa abambo. Ndawapeza mayi ako akuwamwetsa phala, sipuni imodzi, kupukuta, sipuni ina. Andilandira bwino, andifunsa ngati ndadya. Ndadikira apite kukatsuka mbale, ndiye ndatambasula mapu a pepala pa bulangete. Ndati abambo, akufuna kufukula amayi, ndilozereni. Amva, Taegon. Maso aja anatseguka. Akweza dzanja lamanzere, chala chayenda pa mapu onse kuchokera kunyanja ino mpaka inayo. Ayesa katatu. Kenako angogwira mapuwo n'kuwafinya, malovu akutsika, akulira popanda mawu. Mayi ako polowa ndinali nditabisa m'chikwama ngati wakuba. Andifunsa kuti abambo ako alira chiyani, ndati akondwa kundiona.

Taegon 12:02
musawavutitse abambo ndi zimenezi

Hyeran 12:48
ndili m'galimoto. ichi ndiye chimene watayira mayi anga?

Hyeran 12:49
galasi lonse mafuta a nkhuku, zala zako zikuoneka chimodzichimodzi. mawaya akulendewera pa bondo langa, wamanga ndi tepi ya makatoni. m'mbali muli mpata wolowa dzanja

Hyeran 12:50
ndikadina batani la pa chiwongolero kt ndichepetse mawu, ikuimbira foni abwana ako

Taegon 12:51
MUSADINE limenelo

Hyeran 12:53
ndipo kamtsikana kolankhula ngati kakufuna kugulidwa ayisikilimu aka ndi ndani? "achimwene, khoterani kumanzere." munthu wa zaka 39 iwe

Taegon 12:54
mawu amasinthika mu settings. inabwera choncho

Hyeran 12:54
mxii

Hyeran 17:30
mapiri awiri. palibe. ndimakumbuka munda wa adyo, kamlatho ka simenti, mitengo ya paini. kuno paliponse ndi adyo, kamlatho, paini

Hyeran 17:33
ndigona kwa mnzanga uja

Taegon 18:15
ok

LACHINAYI

Hyeran 08:20
phiri lachitatu. ayi

Hyeran 10:52
lachinayi. ayi. ndachotsa nkhupakupa ziwiri kuseri kwa bondo

Hyeran 12:26
[mawu, 0:49]
Pano pa lachisanu katapila wafika kale, akungodikira mawa. Anyamata ake ndawapeza atakhala pamwamba pa mtumbira wa munthu, nambala 61, akudya ma noodles. Msuzi wotsala wina wakhuthulira pomwepo, chitsa cha fodya n'kuchizimitsira pa chikhomo. Ndati bambo, pamenepo pagona munthu. Akuti mayi, akanakhala ndi abale bwenzi udzu utafika m'chiuno? Ndatsika, ndakhala m'galimoto, kamtsikana kako kakundiuza kuti achimwene mwafika.

Taegon 12:45
idyani kaye kenakake

Hyeran 15:10
lachisanu ndi chimodzi. msewu wake ndi wa thirakitala, skrini yagwedezeka mpaka yazima. ndaimenya mbama yayakanso

Hyeran 15:11
atsala atatu, onse akutali. sindikwanitsa Taegon. ndikuopa

Hyeran 16:02
Taegon

Hyeran 16:03
[chithunzi]

Hyeran 16:05
ndimafuna kudina mapu, chinthu chako chochedwachi chatsegula tsamba lina. "malo omwe mwapitako." unalowetsamo akaunti ya foni yako eti, kt uzidzionetsera

Hyeran 16:06
14 April. Uiseong. kadontho pakati pa phiri, popanda dzina, popanda nyumba. unaimapo mphindi 50

Hyeran 16:06
unkatani kumeneko

[Hyeran anaimba 16:08, sanayankhe]
[Hyeran anaimba 16:09, sanayankhe]

Hyeran 16:15
unati sunachitsatire

Hyeran 16:40
ndikukuona uli online

Taegon 17:52
[mawu, 1:31]
Chabwino. Ndinachitsatira kamodzi. Mu April, sabata yomwe ndinatenga galimoto. Ndinadina kunyumba ndikuchokera kuchipatala, chinanditembenuzira kumpoto. Ndinati tione mdala ankabisa chiyani, mwina ndi kamunda, mwina ndi mkazi. Anali mkazidi. Ndinakwera kanjira kaja, ndinaona, ndinatsika. Achemwali, amayi akhala ndi munthu ameneyu zaka makumi anayi. Anakulerani inuyo muli ndi zaka zisanu. Lero akumusintha matewera, sakulola nesi kumugwira. Ndiye tsiku lililonse akakhala pampando wakutsogolo, batani lili patsogolo pa mphuno yawo likunena kuti kwawo kwa mwamuna wawo ndi kwina. Miyezi isanu ndayendetsa galimotoyo ndikuliyang'ana. Ndiye eya, skrini ndinagula dala. Ndipo musanafunse, yakale ija ndinafufuta zonse ndisanaitaye. Ngakhale ndikanaipeza sikanakuthandizani.

Hyeran 18:01
ndiye kudzala kuja unakatani

Taegon 18:03
kunali kosavuta kusiyana ndi kukuuzani

Hyeran 18:04
unalolera kusambira mu kimchi yowola kusiyana ndi kulemba mzere umodzi

Hyeran 18:06
abambo analira pa mapu dzulo. ndinakuuza. unayankha kt ndisawavutitse

Hyeran 18:07
masiku 4 ukundiwerenga, awiri ndikukwera mapiri a eni. ukanandisiya mpaka mawa 12?

Taegon 18:19
sindikudziwa

Hyeran 18:20
bola ukananama

Taegon 18:31
musapite pano, kwada ndipo kuli nguluwe. mmawa. pa kamlatho kachiwiri msewu unagumuka, muime pamenepo muyende wapansi

Taegon 18:33
ndipo mukafika mundiimbire musanalembe chilichonse

Hyeran 18:33
chfkw?

Taegon 18:40
mukaona nokha

LACHISANU

Hyeran 07:12
ndanyamuka. ndadina kadontho kako

Hyeran 08:26
kamlatho kachiwiri. ndi pano. ndakumbuka mwala womwe abambo ankanolerapo chikwakwa

Hyeran 08:49
ndawapeza

Hyeran 08:50
nambala 88. udzu mpaka pachifuwa. ndikuzula ndi manja, sindinatenge chida

Taegon 08:51
ok

Hyeran 09:14
Taegon pali mitumbira iwiri

Taegon 09:14
ndikudziwa

Hyeran 09:20
[mawu, 0:58]
Wachiwiriwu wagundana ndi wa amayi, kumanja kwawo. Nambala 89. Ndimayesa ndi mlendo wina anadzaikidwa pano. Ndapalasa udzu pakati, pali kamwala kakang'ono kofika m'bondo. Pali dzina la amayi, chaka chobadwa, chaka chomwalira. Pambali pake dzina la abambo, chaka chobadwa, kenako mpata. Anadzikonzeratu malo, monga amachitira akuluakulu. Mulu wonsewu anaunjika okha, palibe galimoto ingafike kuno. Munthu wa zaka 76 kukwera ndi mwala pamsana, osauza aliyense. Ine ndinali ku Incheon, ndikutumiza bokosi la mapeyala Chuseok iliyonse n'kumati ndachita zaulemu.

Taegon 09:26
achemwali tamverani

Taegon 09:28
amayi anga anasankha kale malo kosungira phulusa la omwalira, kufupi ndi tchalitchi chawo. kachipinda ka anthu awiri, iwo ndi abambo, ka pawindo. chithunzi choikamo anasankhanso, cha ku Jeju chija. amakapukuta galasi lake mwezi uliwonse ngakhale muli mopanda kanthu

Taegon 09:29
sakudziwa za 89. palibe akudziwa, ndi inu ndi ine basi

Taegon 09:31
lembani 88 yokha. tengani mayi anu, muwaike komwe mukufuna, ndidzanyamula nawo. 89 mulibe munthu, ndi dothi. katapila asalaze, nkhani ithe

Hyeran 09:33
abambo ali moyo. akumva

Taegon 09:34
sangathe kunena

Hyeran 09:34
ndiye chifukwa chake ukulimba mtima

Taegon 09:37
mukalemba ziwiri, kalata yosamutsa ipita ku adiresi ya mwini dzina. ku flat. amatsegula makalata ndi amayi

Taegon 09:38
akulakwirani chani amayi?

Hyeran 09:45
palibe. ndi chimene chikundidwalitsa

Taegon 09:46
ndiye plz

Hyeran 10:31
ndili mumzere ku ofesi. ndi kontena, muli fani imodzi. patsogolo panga pali anthu 11, aliyense ndi kapepala ka nambala ngati kuchipatala

Taegon 10:33
mwaganiza bwanji

Taegon 10:50
achemwali

Taegon 11:08
ndinalakwa, ndavomera. ndilangeni ine. skrini ndichotsa lero lomwe ngati mukufuna

Hyeran 11:10
isiye. ndi yokhayo yanena zoona sabata ino

[Taegon anaimba 11:24, sanayankhe]

Taegon 11:31
mwalemba angati

Hyeran 11:47
awiri

Hyeran 11:49
kalaliki wafunsa kt 89 ndi ndani wanu. ndati bambo anga, sanafike koma akubwera. walemba osadzutsa mutu

Hyeran 11:50
asamutsa zonse pamodzi, amayi, mwala, ndi malo a pambali. adiresi ndaika yanga. mayi ako salandira kalata

Taegon 11:51
zikomo. zikomo kwambiri achemwali

Hyeran 11:53
usathokoze. abambo ndikawauza ndekha madzulo ano kt malo awo alipo

Hyeran 11:55
koma tsiku lomwe adzatisiye, wina adzayenera kuima pamaso pa mayi ako ndi kuwauza komwe mwamuna wawo akukagona. iwe wadziwa kuyambira April. udzawauza ndiwe

[Taegon waona 11:55]